Tour du Rwanda: mpikisano wa njinga wa masiku 8 umene woyamba kufika lero sakhala wopambana

Mwezi wa Febuluwale, pamene kuno ku Niassa chimanga chili kumasula ndipo misewu ya kumidzi yasanduka matope, ku Rwanda anthu amatsamiritsa makasu n'kukandanda m'mbali mwa msewu kukaonera njinga. Mpikisano wake ndi Tour du Rwanda, umodzi mwa mipikisano ikuluikulu ya njinga mu Africa muno. Umatenga masiku 8 motsatizana, Lamlungu mpaka Lamlungu linzake, ndipo mtunda wake umasintha chaka ndi chaka: zaka zina makilomita oposa 700, zaka zina oposa 1,000. Ambiri kuno dziko la Rwanda timalidziwa chifukwa cha asilikali ake amene anatumizidwa ku Cabo Delgado mu 2021. Koma kwa okonda masewera, Rwanda ndi dziko la njinga ndi zitunda.

Tikamaulutsa zotsatira za mipikisano ngati umenewu, funso limene omvera amakonda kufunsa ndi lakuti: bwanji munthu mwamutchula kuti wafika woyamba lero, koma mukutinso amene akutsogolera mpikisano ndi wina? Funsoli ndi lomveka, chifukwa pa mpira wogoletsa zigoli zambiri ndiye wapambana, basi. Pa njinga sizitero.

Mpikisano wa masiku angapo amaugawa m'zigawo, tsiku lililonse chigawo chake. Pa Chipwitikizi chigawo chimodzi amati etapa. Ife tingoti ndime, monga ndime ya m'munda imene munthu amapatsidwa kuti aimalize tsikulo. Onse amanyamuka pamodzi m'mawa, ndipo wofika woyamba pamzere wothera wapambana ndime imeneyo, amalandira mphoto yake, dzina lake limamveka pa wailesi. Koma pamzerepo pamakhalanso anthu olemba nthawi ya aliyense, kuyambira woyamba mpaka womaliza. Nthawi ya lero amaiphatikiza ndi ya dzulo ndi ya dzana, ndipo amene maola ake onse pamodzi ndi ochepa kuposa anzake ndiye mtsogoleri. Ameneyo amavala malaya achikasu, camisola amarela, kuti aliyense amuzindikire m'chigulu. Wovala malayawo pomaliza ndime yotsiriza ndiye watenga mpikisano wonse.

Tiyerekeze kuti mpikisano wotere wachitika kuno kwathu. Ndime yoyamba, Cuamba mpaka Mandimba pamsewu wa N13, makilomita pafupifupi 150. Mnyamata wina wa liwiro wapambana, koma mnzake wodziwa kukwera zitunda wafikira m'chigulu chomwecho. Lamulo limati onse ofika pamodzi popanda mpata pakati pawo amalembedwa nthawi imodzi, choncho awiriwa ali chimodzimodzi. Ndime yachiwiri, Mandimba mpaka Lichinga, wa liwiro uja wapambananso, wasiya mnzake ndi masekondi 20. Ndime yachitatu ndiye ya Metangula mpaka Lichinga, kuchoka m'mphepete mwa nyanja, pamamita osakwana 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, kukafika pamamita oposa 1,300. Apa wa liwiro miyendo yamuthera. Wa zitunda uja wafika wachitatu, koma mnzakeyo wamusiya ndi mphindi 6. Tikaphatikiza, wa zitunda ali patsogolo ndi mphindi 5 ndi masekondi 40. Ngati awiri amene anamupitirira tsiku lomalizalo anali atataya nthawi yambiri masiku oyamba, malaya achikasu ndi ake, ngakhale sanapambane ndime ndi imodzi yomwe. Izi si nthano ayi. Chris Froome, amene anabadwira ku Nairobi, anatenga Tour de France ya 2017 osapambana ndime iliyonse.

Ndiye chifukwa chake sekondi imodzi ili ndi mtengo. Mu 1989, atapalasa makilomita oposa 3,000 kwa masabata atatu, Greg LeMond anaposa Laurent Fignon ndi masekondi 8 okha pa Tour de France. Ku Rwanda mu 2023 zinafika poposa pamenepo: Henok Mulubrhan wa ku Eritrea ndi Walter Calzoni wa ku Italy anamaliza masiku onse 8 ali ndi nthawi yofanana ndendende, ndipo oweruza anachita kuwerenga malo amene aliyense ankafikira tsiku ndi tsiku kuti apeze wopambana. Anapambana ndi Mulubrhan.

Mdani ndi mphepo

Aliyense amene anapalasapo njinga moyang'anizana ndi mphepo ya mwera mu Juni kapena Julayi akudziwa zimene ndikunena. Umaponda, thukuta kamukamu, koma njinga ngati wina akuikoka kumbuyo. Akatswiriwa amathamanga makilomita 40 kapena kuposa pa ola limodzi, ndipo pa liwiro limenelo mphamvu zawo zambiri zimathera kung'amba mpweya, ngakhale kunja kuli bata. Koma munthu akabisala kumbuyo kwa mnzake, tayala lake n'kutsala pang'ono kukhudza la mnzakeyo, amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Ali pakati pa chigulu amapulumutsa zoposa pamenepo.

Mukamvetsa zimenezi mwamvetsa pafupifupi masewera onse. N'chifukwa chake amayenda mounjikana, chigulu chimene pa Chipwitikizi amati pelotão. N'chifukwa chakenso awiri kapena asanu akathawa m'chigulu m'mawa, otsalawo sachita phuma. Amawaleka apite, atsogole ndi mphindi zitatu kaya zisanu, podziwa kuti anthu ochepa akulimbana okha ndi mphepo tsiku lonse, pamene m'chigulu akusinthana kutsogolo. Kawirikawiri othawawo amawapeza kutatsala makilomita ochepa. Nthawi zina chigulu chimawerengera molakwa, othawa n'kufika osagwidwa, ndipo tsiku lotero ndilo limasangalatsa oonera.

Pa chitunda nkhani imasintha. Liwiro limatsika, mphepo siikhalanso ndi mphamvu, ndipo chotsala ndi kulemera kwa thupi ndi mphamvu ya mapapo. Palibenso pobisala. Chigulu chimaduka zidutswazidutswa, ndipo mipata ya mphindi zambiri imabadwira pamenepo. Pamakhalanso tsiku lina, m'mipikisano yambiri, limene aliyense amanyamuka yekhayekha motalikirana ndi mnzake, kupikisana ndi wotchi basi, ndipo kubisala kumbuyo kwa wina n'koletsedwa.

Ngakhale wolandira chikho amakhala munthu mmodzi, awa ndi masewera a timu. Pa Tour de France timu imakhala ndi anthu 8, ku Rwanda kawirikawiri asanu. Mwa iwo mmodzi yekha ndiye amayembekezeka kupambana. Enawo ntchito yawo ndi kumutchingira mphepo, kubwerera kumbuyo kukatenga madzi ndi chakudya kugalimoto ya timu, kuthamangitsa othawa, ndipo tayala la mtsogoleri likaphulika galimoto ili kutali, kumupatsa lawo kapena njinga yonse. Munthu amatha zaka khumi pa ntchito imeneyi osapambana mpikisano uliwonse, koma akulandira malipiro ndiponso akulemekezedwa. Zili ngati dima: ambiri agwira khasu, koma nkhokwe yodzaza ndi ya mwini munda. Kusiyana kwake n'kwakuti mwa mwambo wa masewerawa, ndalama za mphoto amaziika pamodzi n'kugawana timu yonse, mpaka amakanika omwe.

Palinso malaya ena a wodziwa kukwera zitunda, a wa liwiro, a wachinyamata. Amenewa ndi mipikisano ing'onoing'ono m'kati mwa waukuluwo, kuti matimu amene alibe chiyembekezo cha chikasu akhale ndi cholimbirana. Ndipo wofika mochedwa kwambiri, kupitirira malire a nthawi amene aikidwa tsikulo, amachotsedwa, mawa sanyamuka nawo. Wodwala m'mimba usiku alibe tchuthi. Akwere njinga kapena apite kwawo.

Rwanda anafika bwanji pamenepa?

Tour du Rwanda inayamba mu 1988 ngati mpikisano wa m'dzikomo. Nkhondo ndi kuphana kwa 1994 kunaimitsa zonse. Chimene chinadzutsanso njinga, ndipo apa alimi tcherani khutu, ndi khofi. Cha m'ma 2005 ndi 2006, Tom Ritchey, mmisiri wopanga njinga wa ku America, anayambitsa ntchito yopangira alimi a khofi njinga zazitali zolimba, zoti azithamangitsira khofi wongothyola kumene kumalo otsukira asanawonongeke. Pofuna kukopa chidwi anakonza mpikisano mu 2006, ndipo mwa anyamata amene anaonekera pamenepo panali Adrien Niyonshuti, amene abale ake ambiri anaphedwa mu 1994. Timu ya dziko inakhazikitsidwa mu 2007, ndipo mu 2012 Niyonshuti ananyamula mbendera ya Rwanda pa masewera a Olimpiki ku London.

Ena mwa anyamata oyamba a timuyi anali akabaza enieni. Gasore Hategeka anagula njinga yake yoyamba ndi ndalama za mbatata ya kachewere imene analima yekha, nayamba kunyamula anthu ndi matumba m'zitunda za kumpoto chakumadzulo kwa Rwanda. Akaona a timu ya dziko akudutsa pa njinga zawo zopepuka, iye ankawathamangira pa chinjinga chake chakuda cha giya imodzi, mpaka aphunzitsi anamuona.

Mu 2009 mpikisanowu unalowa m'kaundula wa UCI, bungwe loyendetsa masewera a njinga padziko lonse, ndipo alendo anayamba kubwera. Chaka chimenecho anapambana Adil Jelloul wa ku Morocco, chotsatira Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea. Eni nthaka anadikira mpaka 2014, pamene Valens Ndayisenga anaswa mwambowo. Kenaka zaka zisanu zotsatizana chikho sichinatuluke m'dziko: Ndayisenga 2014, Jean Bosco Nsengimana 2015, Ndayisenga kachiwiri 2016, Joseph Areruya 2017, Samuel Mugisha 2018.

Mu 2019 mpikisano unakwezedwa mlingo, kutanthauza mphoto zokulirapo ndi matimu amphamvu a ku Ulaya. Kuyambira pamenepo mpaka 2025 palibe mwana wa ku Rwanda amene anapambananso. A ku Eritrea ndiwo anaimika dzina la Africa: Merhawi Kudus mu 2019, Natnael Tesfatsion mu 2020 ndi 2022, Mulubrhan mu 2023. Zaka zinazo chikho chinapita ku Spain, ku Britain ndi ku France. Kwa ine apa pali chinthu chofunika kuchiona bwino. Kukweza mpikisano n'kosavuta, boma likangofuna ndi ndalama zilipo. Kukweza ana ako kuti afike pamlingo wa alendo amene wawaitanawo ndi ntchito ina, ya zaka zambiri, yofuna timipikisano ta m'maboma mwezi ndi mwezi, ndipo imeneyi siioneka pa kanema.

Komabe khamu la anthu silinachepe. Malo otchuka kwambiri ndi chitunda chachifupi cha miyala m'kati mwa Kigali, chimene Achifalansa amati Mur de Kigali, khoma la Kigali, eni ake amati kwa Mutwe. Anthu amadzaza mpaka pamadenga. Kulowa n'kwaulere, monga zimakhalira pa mipikisano yambiri ya pamsewu: palibe geti, bwalo ndi msewu womwewo wodutsa pakhomo panu. Ndalama zimachokera kwa makampani olengeza malonda ndi kuboma.

Mu Seputembala 2025, kuyambira pa 21 mpaka pa 28, Kigali inalandira mpikisano wa akatswiri a dziko lonse, koyamba kuchitikira mu Africa. Wa amuna unali wa tsiku limodzi, makilomita 267, ndipo anapambana Tadej Pogačar wa ku Slovenia. Mwa anthu oposa 160 amene ananyamuka, 30 okha ndiwo anamaliza. Chaka chomwecho sichinali chosalala. Mu Januwale zigawenga za M23, zimene bungwe la United Nations limati zimathandizidwa ndi Rwanda, zinalanda mzinda wa Goma ku Congo, ndipo Tour du Rwanda ya mu Febuluwale inali ndi ndime yothera ku Rubavu, tauni yoyandikana ndi Goma monga Mandimba ayandikanira ndi Chiponde. Timu ina ya ku Belgium inakana kubwera. Mpikisano unachitikabe. Okhala m'malire tikudziwa kuti phwando mbali ino silitanthauza mtendere mbali inayo.

Eritrea ndiye nkhani ina. Njinga anazisiya kumeneko ndi Ataliyana m'nthawi ya utsamunda, ndipo likulu lawo Asmara lili pamamita oposa 2,300. Wokulira pamalo okwera chotero magazi ake amazolowera mpweya wochepa, akatsikira kumunsi amakhala ndi mwayi. Teklehaimanot anavala malaya a katswiri wa zitunda kwa masiku angapo pa Tour de France ya 2015, ndipo mu 2024 Biniam Girmay anapambana ndime zitatu n'kutenga malaya obiriwira a mpikisano womwewo.

Msilikali amene anapalasa ku Mozambique

Dziko lathu lili ndi kachingwe kake kolumikiza ku mbiri imeneyi, ngakhale kanabwera m'njira yowawa. Joaquim Agostinho, amene Apwitikizi ambiri amamutenga ngati wopalasa njinga wamkulu kuposa onse m'mbiri yawo, anali mwana wa alimi wa kufupi ndi Torres Vedras. Anatumizidwa kuno ngati msilikali pa nkhondo ya atsamunda. Anthu amene anagwira naye ntchito pambuyo pake ankasimba kuti mphamvu zake zinadziwika koyamba ku Mozambique, akutumidwa ndi makalata pa chinjinga cholemera n'kumabwerako anzake asanafike n'komwe. Anayamba mipikisano mochedwa, ali ndi zaka za m'ma 25, koma anatenga Volta a Portugal katatu, 1970, 1971 ndi 1972, ndipo anamaliza wachitatu pa Tour de France mu 1978 ndi 1979.

Imfa yake ndi imene aliyense wokwera njinga m'misewu yathu ayenera kuimva. Mu Epulo 1984, pa Volta ao Algarve, atavala malaya achikasu, galu anadumphira mumsewu kutatsala mamita mazana ochepa kuti afike pamzere ku Quarteira. Anagwa n'kumenyetsa mutu. Analibe chipewa cholimba. Anadzuka, anakweranso njinga, anzake anamuperekeza mpaka kudutsa mzere, ndipo ankaoneka ngati ali bwino. Patapita maola ululu unakula, ndipo anayenda ulendo wautali pa ambulansi kukafika kuchipatala ku Lisboa. Anamwalira pa 10 Meyi, ali ndi zaka 41. UCI inadikira mpaka 2003, atamwaliranso Andrei Kivilev pa mpikisano wa Paris–Nice, kuti ilamule zipewa kwa akatswiri onse. Munthu akamenyetsa mutu n'kudzuka akulankhula bwinobwino, magazi angakhale akutayikira m'kati. Wotero apite kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka akayamba kusanza, kusinza kapena kusokonezeka.

Nanga kuno?

Ku Niassa njinga si masewera. Ndi galimoto ya mlimi, ndi ambulansi, ndi imene imatsitsa nyemba ndi mbatata kuchoka ku Sanga ndi ku Chimbunila, imakweza usipa kuchoka ku Meponda, imaolotsa chimanga pa Mandimba mtengo ukakoma tsidya linalo. Njinga inafika pokhala muyeso wa chitukuko m'dziko muno, mpaka Joseph Hanlon ndi Teresa Smart anatcha buku lawo la mu 2008 Há mais bicicletas, mas há desenvolvimento? Mnyamata wokwera kuchoka kunyanja ndi dengu la nsomba pa keliyala akuchita, osadziwa, zofanana ndi zimene Gasore ankachita. Lichinga ndi Kigali sizisiyana kwambiri kukwera kwake. Phula lilipo tsopano pa N13.

Koma tisanamizane. Njinga ya mpikisano lamulo limati isapepuke kuposa makilogalamu 6.8, ndipo zambiri zimakhala pafupi ndi pamenepo, pamene yathu yakuda ija imalemera kuwirikiza kawiri kapena katatu isananyamule kanthu. Ya akatswiri a ku Ulaya mtengo wake ungapose madola 10,000 a ku America. Ngakhale yakale yogula pa kaunjika imafuna matayala opyapyala, tcheni ndi magiya zimene simungazipeze kwa mmisiri wa pansi pa mtengo wa mango. Wothamanga maola anayi kapena asanu tsiku lililonse amadya kuwirikiza kawiri kapena kuposa chakudya cha munthu wamba, ndipo Febuluwale kuno ndi mwezi umene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Tsiku limene mnyamata ali kokonzekera mpikisano ndi tsiku limene sanabweretse ndalama ya kabaza pakhomo, ndipo mayi ake ali ndi ufulu wofunsa kuti ndiwo zichokera kuti. Masewerawa alinso ndi manyazi ake: mu 2012 Lance Armstrong analandidwa zikho zake 7 za Tour de France chifukwa cha mankhwala oletsedwa.

Zimene Rwanda anayambira sizinali njinga za madola zikwizikwi. Unali mpikisano wa tsiku limodzi pa njinga zimene anthu anali nazo kale, ndi munthu woima pamzere akulemba mayina ndi nthawi. Ife mipikisano ya njinga timaiona pa masiku a zikondwerero, wopambana n'kulandira mphoto yake, mawa lake zaiwalika. Chosowa ndi kaundula. Nthawi ya mnyamata kapena mtsikana amene wakwera kuchoka ku Meponda mpaka ku Lichinga ikalembedwa chaka chino, n'kulembedwanso chaka chamawa, mphunzitsi wa ku Maputo, ku Lilongwe kapena ku Musanze, kumene kuli malo ophunzitsira a timu ya Rwanda, ali ndi choti awerenge. Mabungwe a alimi, masukulu ndi a zamasewera m'maboma angathe kuchita zimenezi ndi wotchi ya pafoni ndi kope, bola apolisi atseke msewu ndipo eni agalu ndi mbuzi auzidwe tsiku lisanafike.

Tour du Rwanda yotsatira ikayamba, muzimvetsera mindandanda iwiri imene tidzakhala tikuwerenga madzulo aliwonse. Woyamba ndi wa ndime ya tsikulo, classificação da etapa. Wachiwiri ndi wa nthawi zonse pamodzi, classificação geral, ndipo pamenepo chofunika si dzina lokha la amene ali pamwamba, koma masekondi amene alembedwa pambali pa dzina la wachiwiri ndi wachitatu, ndi zitunda zimene zatsala mawa.